Simenti ndi Malamulo a Mpweya Wotenthetsa Dziko: Zimene Zikusintha ndi Mmene Zikukhudzira Mawodi

Pafupifupi ntchito iliyonse ya chitukuko imene khonsolo imavomereza imayambira pa matumba a simenti. Mdadada wa sukulu, nyumba ya mphunzitsi, nyumba yodikirira amayi oyembekezera, kamlatho ka pamtsinje, shedi ya pamsika, ngakhale konkire yozungulira mjigo, zonsezi zimadalira ufa wotuwawu. Makomiti a VDC ndi ADC akakhala pansi kuwerengera ndalama za thumba la CDF, mtengo wa simenti ndiwo kawirikawiri umagamula ngati mdadada ufike padenga kapena uimire pa mawindo.

Zimene zimakweza mtengo wa simenti kuno n'zodziwika: kusowa kwa ndalama zakunja, kukwera kwa mafuta, mtunda umene galimoto zimayenda, ndi kuthimathima kwa magetsi. Koma m'maiko amene amapanga simenti wambiri kwabwera mtengo wina umene kale kudalibe. Mafakitale ayamba kulipira chifukwa cha mpweya umene amatulutsa m'mlengalenga. Lamulo lotereli silidafike pa mafakitale a m'Malawi, komabe layamba kale kusintha kapangidwe ka simenti, mitundu yake, ndi njira zimene amadutsa pa malonda a pakati pa maiko. N'chifukwa chake nkhaniyi ikuyenera kumveka bwino kwa anthu a m'mawodi, amene ndiwo eni ake a zomangamanga zonsezi.

Mpweyawu umachokera kuti?

Simenti wa masiku ano, wotchedwa Portland, adalembetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1824 ndi mmisiri womanga nyumba wa ku Leeds, m'dziko la England, dzina lake Joseph Aspdin. Chiyambire nthawiyo makina asintha kwambiri, koma maziko a ntchitoyi ndi omwewo. Miyala ya laimu imaphwanyidwa, n'kusakanizidwa ndi dongo, kenaka n'kulowetsedwa m'ng'anjo yaitali yozungulira imene imatentha kufika madigiri 1,450. Zimene zimatuluka m'ng'anjomo ndi timibulu tolimba totchedwa klinka. Klinkayo akaperedwa pamodzi ndi jipisamu pang'ono, amakhala simenti amene amaikidwa m'matumba.

Mpweya wa carbon dioxide, umene umasunga kutentha kwa dzuwa pafupi ndi dziko monga mmene bulangeti limasungira kutentha kwa thupi, umatuluka pa ntchitoyi m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi moto. Kuti ng'anjo ifike kutentha koteroko pamafunika malasha ochuluka, monga aja amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi kapena ku Moatize m'dziko la Mozambique. Njira yachiwiri ndi mwala weniweniwo. Mwala wa laimu uli ndi mpweyawu m'kati mwake, ndipo ukapsa umautaya. Pa makilogalamu 100 alionse a mwala wa laimu wopanda zosakaniza, makilogalamu 44 amauluka ngati mpweya, n'kutsala 56 okha. Anthu amene amaotcha miyala ya njereza m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka amazidziwa bwino izi, pakuti mwala umatuluka mu uvuni uli wopepuka kusiyana ndi mmene udalowera.

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la simenti. Pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a mpweya wa m'fakitale amachokera ku mwalawo, ndipo otsalawo ndi amene amachokera ku moto. Kampani yopanga magetsi ingathe kusiya malasha n'kuyamba kugwiritsa ntchito dzuwa kapena madzi, mpweya n'kutheratu. Fakitale ya simenti, ngakhale itapeza moto wosatulutsa utsi, mwala udzapitiriza kutaya mpweya wake.

Tani imodzi ya klinka imatulutsa mpweya wopitirira makilogalamu 800. Popeza simenti wambiri amasakanizidwa ndi zinthu zina, tani imodzi ya simenti imatulutsa pafupifupi makilogalamu 600. Zimenezi zikutanthauza kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 limakhala litasiya m'mlengalenga mpweya wokwana pafupifupi makilogalamu 30 lisanafike n'komwe m'sitolo. Dziko lonse lapansi limapanga simenti wokwana pafupifupi matani 4 biliyoni pachaka, ndipo mafakitale amenewa amatulutsa magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse a carbon dioxide yense amene anthu amatulutsa. Akuluakulu akale adati walira mvula walira matope. Misewu, milatho ndi nyumba zolimba zimene maiko amazifuna zabwera ndi mtolo wakewake.

Mmene msika wa zilolezo umayendera

Boma limene likufuna kuchepetsa mpweyawu lili ndi njira zingapo. Lingathe kulamula mtundu wa makina amene fakitale iliyonse iyenera kukhala nawo. Lingathe kuika msonkho pa tani iliyonse ya mpweya. Kapenanso lingathe kuika malire a mpweya wonse umene mafakitale a m'dzikomo angatulutse pachaka, n'kugawa malirewo m'zilolezo zimene zingagulidwe ndi kugulitsidwa. Njira yachitatuyi ndiyo imatchedwa msika wa zilolezo za mpweya.

Chilolezo chimodzi chimaimira tani imodzi. Pakutha pa chaka, fakitale iliyonse imawerengetsa mpweya umene yatulutsa, akatswiri oima paokha amatsimikizira chiwerengerocho, ndipo fakitaleyo imabweza ku boma zilolezo zofanana ndi matani akewo. Imene yatsala ndi zilolezo imagulitsa. Imene zaiperewera imagula. Chaka ndi chaka boma limachepetsa zilolezo zonse, motero zimasowa ndipo mtengo wake umakwera.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Pali mafakitale awiri, ndipo iliyonse imatulutsa matani 100,000 pachaka. Boma lapereka zilolezo 90,000 kwa iliyonse. Fakitale yoyamba ili ndi njira yosavuta yochepetsera mpweya, imene imaidyera mayuro 30 pa tani. Yachiwiri ndi yakale, ndipo kuchepetsa tani imodzi kungaidyere mayuro 90. Ngati chilolezo chikugulidwa mayuro 60 pamsika, fakitale yoyamba idzachepetsa matani 20,000, zimene zidzaitayitsa mayuro 600,000, kenaka idzagulitsa zilolezo 10,000 zotsala n'kupeza mayuro 600,000 omwewo. Yachiwiri idzagula zilolezozo pa mayuro 600,000 m'malo motaya 900,000 pokonza makina ake. Mpweya wonse watsika kuchoka pa matani 200,000 kufika pa 180,000 monga mmene boma limafunira, koma ndalama zonse zimene zalowa pa ntchito yochepetsayo ndi theka la zimene zikadalowa fakitale iliyonse ikadakakamizidwa kuchepetsa payokha.

Nzeru imeneyi idayesedwa koyamba pamlingo waukulu ku United States, kumene lamulo la m'chaka cha 1990 lidakhazikitsa msika wa zilolezo za utsi wa sulufule wochokera m'malo opangira magetsi. Pambuyo pake pangano la ku Kyoto, m'dziko la Japan, la m'chaka cha 1997, lidatsegula njira yoti maiko agwiritse ntchito msika womwewo pa mpweya wotenthetsa dziko.

Zimene zidachitika ku Ulaya

Mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa European Union udayambitsa msika wake m'chaka cha 2005. Msikawu umakhudza mafakitale ndi malo opangira magetsi pafupifupi 10,000, ndipo mafakitale a simenti adalowamo kuyambira pachiyambi. Fakitale imene yalephera kubweza zilolezo zokwanira imalipira chindapusa choyambira pa mayuro 100 pa tani iliyonse yoperewera, ndipo imayenerabe kupeza zilolezozo.

Zaka zoyambirira sizidayende monga mmene ankayembekezera. Maboma adapereka zilolezo zochuluka kuposa mpweya umene unkatulukadi, ndipo pofika m'chaka cha 2007 mtengo wake udagwa mpaka kutsala pang'ono kukhala wopanda pake. Kenaka kudabwera mavuto a zachuma a m'chaka cha 2008. Ntchito zomanga zidaima m'maiko monga Spain, Greece ndi Ireland, ng'anjo zambiri zidazima, koma zilolezo zaulere zidapitiriza kubwera molingana ndi mmene mafakitale ankapangira kale. Makampani ena a simenti adatsala ndi zilolezo zambirimbiri, ndipo adazigulitsa n'kupeza phindu lalikulu popanda kusintha kanthu pa kapangidwe kawo. M'chaka cha 2013 chilolezo chidatsika pansi pa mayuro 5.

Chifukwa chimene zilolezozo zinkaperekedwera kwaulere chinali mantha. Makampani ankanena kuti akalipiritsidwa mokwanira, simenti wawo adzakwera mtengo, ogula adzathamangira kwa simenti wochokera ku Turkey kapena kumpoto kwa Africa kumene kulibe lamulo lotere, mafakitale a ku Ulaya adzatsekedwa, anthu adzachotsedwa ntchito, koma mpweya udzangosamukira kwina osachepa ayi. Dandaulolo lili ndi mfundo. Simenti ndi katundu wolemera koma wotsika mtengo, kotero sayenda mtunda wautali pamsewu; koma pa sitima zapamadzi klinka amayenda motchipa, ndipo mafakitale a m'mbali mwa nyanja amaopsezedwadi ndi katundu wakunja.

Kuyambira m'chaka cha 2013 zilolezo zaulere zidayamba kuwerengedwa potengera mafakitale amene amachita bwino koposa. Mlingo wake udali makilogalamu 766 pa tani ya klinka, ndipo m'chaka cha 2021 udatsitsidwa kufika pa 693. Fakitale imene imatulutsa mpweya wopitirira mlingowo imagula zilolezo za gawo lopitiriralo. Komabe lamulo la nthawiyo lidali ndi khomo lozembera. Fakitale imene kapangidwe kake katsika pansi pa theka la mmene inkapangira kale inkalandidwa gawo lalikulu la zilolezo zake. Pofuna kupewa zimenezi, mafakitale ena kummwera kwa Ulaya ankaotcha klinka wopitirira amene msika wawo unkafuna, n'kumugulitsa kunja. Lamulo lofuna kuchepetsa mpweya lidafika pochititsa ng'anjo kuyaka mosafunikira. Phunziro lake ndi lakuti lamulo labwino likalembedwa mosasamala, anthu amatsata phindu limene lili m'mawu ake, osati cholinga chake.

Zinthu zidasintha pamene European Union idayamba kuchotsa pamsika zilolezo zotsalira m'chaka cha 2019 ndi kufulumizitsa katsitsidwe ka malire. Mu Febuluwale 2023 chilolezo chidapitirira mayuro 100 kwa nthawi yoyamba. Cholinga chimene chilipo tsopano ndi chakuti pofika 2030 mpweya wa m'magawo onse a msikawu ukhale utatsika ndi magawo 62 pa 100 alionse poyerekeza ndi chaka cha 2005. Kulemera kwa mitengo yotereyi kumaoneka bwino pa thumba limodzi. Chilolezo chikakhala pa mayuro 80 ndipo fakitale ikulipira mpweya wake wonse, makilogalamu 30 aja amawonjezera pafupifupi mayuro awiri ndi theka pa thumba lililonse.

Malipiro a pachipata

Pofuna kuthetsa zilolezo zaulere popanda kupha mafakitale ake, European Union idakhazikitsa dongosolo lotchedwa CBAM. Amalonda olowetsa simenti, chitsulo, aluminiyamu, feteleza, magetsi kapena haidrojeni m'maiko a mgwirizanowu ayenera kunena kuchuluka kwa mpweya umene udatuluka popanga katunduyo, ndipo amalipira mtengo wofanana ndi umene fakitale ya ku Ulaya ikadalipira. Ngati katunduyo adalipiridwa kale msonkho wa mpweya kwawo, ndalamazo zimachotseredwa. Kuyambira pa 1 Okutobala 2023 amalonda ankangopereka malipoti, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2026 katundu wolowa akuwerengedwa kuti alipiridwe. Malinga ndi lamulolo, zilolezo zaulere za simenti zizichepa pang'onopang'ono kuyambira 2026 mpaka kutheratu m'chaka cha 2034. Dziko la Britain nalo lidalengeza kuti liyamba dongosolo lofanana nalo m'chaka cha 2027.

Maiko ambiri amene akutukuka kumene adadandaula ndi dongosololi. Mfundo yawo ndi yakuti maiko olemera adamanga mizinda yawo kwa zaka zoposa zana popanda kulipira kanthu pa mpweya, ndipo tsopano akulipiritsa anzawo amene angoyamba kumene kumanga. Africa yense amatulutsa mpweya wa carbon dioxide wosafika magawo 4 pa 100 alionse a dziko lapansi. Mbali inayo imayankha kuti mlengalenga ndi umodzi, ndipo tani yotuluka ku Algeria imatenthetsa dziko mofanana ndi yotuluka ku Italy. Mkanganowu ukupitirira, koma zotsatira zake zayamba kuoneka: maiko angapo ayamba kukonza misonkho kapena misika yawoyawo, poona kuti kuli bwino ndalamazo zitsale kwawo kusiyana ndi kukatoleredwa pachipata cha Ulaya.

Ku China ndi ku South Africa

Dziko la China, limene limapanga pafupifupi theka la simenti yense wa pa dziko lapansi, lidatsegula msika wake wa dziko lonse mu Julayi 2021, kuyambira ndi malo opangira magetsi. M'chaka cha 2025 lidawonjezeramo mafakitale a simenti, chitsulo ndi aluminiyamu. Pakadali pano zilolezo zake zimaperekedwa kwaulere ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ku Ulaya, koma mafakitale ayamba kuzolowera kuyeza ndi kulengeza mpweya wawo.

South Africa idasankha msonkho m'malo mwa msika. Pa 1 Juni 2019 idayamba kulipiritsa marandi 120 pa tani, koma ndi zochotsera zimene zinkachepetsa msonkhowo ndi magawo 60 mpaka 95 pa 100 alionse, kotero kuti ndalama zenizeni zimene makampani ankalipira zidali pakati pa marandi 6 ndi 48 pa tani. Msonkhowo wakhala ukukwera chaka ndi chaka. Opanga simenti kumeneko amadandaula zofanana ndi anzawo a ku Ulaya, kuti simenti wochokera kutsidya kwa nyanja amalowa motchipa popanda kulipira msonkho wotere kwawo.

Zimene mafakitale akuchita

Mpweya ukakhala ndi mtengo, kampani iliyonse imayamba kufunafuna pochepetsera. Njira zake zilipo zinayi.

Yoyamba ndi kukonza ng'anjo kuti isadye malasha ambiri. Ng'anjo zakale zinkalandira miyala yosakaniza ndi madzi, ndipo moto wambiri unkathera pouma phalalo. Zamakono zimalandira ufa wouma umene umayamba watenthetsedwa ndi utsi wa ng'anjo yomweyo.

Yachiwiri ndi kusintha nkhuni zake. Matayala akutha, zinyalala zosankhidwa bwino, utuchi ndi mankhusu a mpunga zimatha kulowa m'malo mwa malasha. Ku Germany pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a moto wa m'mafakitale a simenti amachokera ku zinthu zotere.

Yachitatu, imene ili yofunika kwambiri kwa maiko a mu Africa, ndi kuchepetsa klinka m'thumba. Phulusa la malasha a m'malo opangira magetsi, zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, phulusa la mapiri ophulika ndi mwala wa laimu wongopera, zonsezi zimatha kulowa m'malo mwa gawo lina la klinka. Nzeruyi si yatsopano, pakuti Aroma akale ankasakaniza laimu ndi phulusa la ku Pozzuoli, ndipo denga la konkire la nyumba yawo ya Pantheon mumzinda wa Rome lilipobe mpaka lero. Posachedwapa akatswiri a ku Switzerland, Cuba ndi India adakonza simenti wotchedwa LC3, amene theka lake lokha ndi klinka, magawo 30 ndi dongo lootcha, magawo 15 ndi mwala wa laimu wosaotcha, ndipo magawo 5 ndi jipisamu. Dongolo limapsa pa madigiri pafupifupi 800 ndipo silitaya mpweya ngati mwala wa laimu, motero simentiyu amachepetsa mpweya ndi magawo ofika 40 pa 100 alionse.

Yachinayi ndi kugwira mpweyawo usanatuluke pa chumuni n'kukaukwirira pansi pa nthaka. M'chaka cha 2025 kampani ya Heidelberg Materials idatsegula makina otere pa fakitale yake ya ku Brevik, m'dziko la Norway, amene adakonzedwa kuti azigwira matani 400,000 pachaka, pafupifupi theka la mpweya wa fakitaleyo. Mpweyawo umanyamulidwa pa sitima n'kukasungidwa m'miyala ya pansi pa nyanja. Njirayi ndi yodula kwambiri, ndipo idatheka chifukwa boma la Norway lidalipira gawo lalikulu la ndalama zake.

Pamene Malawi akukhudzidwira

Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 okha a carbon dioxide pachaka kuchokera ku mafuta, malasha ndi simenti, chimene ndi chimodzi mwa ziwerengero zotsikitsitsa pa dziko lapansi. Koma zowawa za kusintha kwa nyengo zafika kale. Namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, adapha anthu mazanamazana n'kusiya opitirira theka la miliyoni opanda pokhala. Milatho ndi masukulu amene adakokoloka akumangidwanso ndi simenti yemweyo.

Dziko lino lili ndi mafakitale ake: Shayona ku Kasungu, Cement Products Limited ku Njereza m'boma la Mangochi, ndi Portland Cement Malawi, imene m'chaka cha 2021 idagulidwa ndi kampani ya ku China ya Huaxin pamodzi ndi fakitale ya ku Chilanga m'dziko la Zambia. Mafakitalewa sagula zilolezo za mpweya, ndipo msonkho wa kaboni umene boma lidayambitsa m'chaka cha 2019 udalunjika pa galimoto. Komabe, pansi pa pangano la ku Paris la m'chaka cha 2015, Malawi adalonjeza m'chaka cha 2021 kuti pofika 2040 adzachepetsa mpweya wake ndi magawo 51 pa 100 alionse poyerekeza ndi mmene ukadakulira popanda kuchitapo kanthu. Mwa magawowo, 6 ndi odzichitira yekha, ndipo 45 akudalira thandizo lakunja.

Malamulo a kunjawa angafike kuno m'njira zingapo. Makampani akuluakulu amene ali ndi mafakitale m'maiko ambiri amatengera luso limene aphunzira kwina n'kulibweretsa m'mafakitale awo onse, choncho simenti wosakaniza adzapitiriza kuchuluka m'masitolo. Mabungwe obwereketsa ndalama zachitukuko nawo amafunsa za mpweya asanathandize fakitale yatsopano. Palinso mbali ina yofunika kuiyang'anira: klinka amene sangathe kulipira pachipata cha Ulaya angafunefune misika ina, kuphatikizapo ya mu Africa, n'kupikisana ndi wopangidwa konkuno. Kwa dziko limene limavutika kupeza ndalama zakunja, simenti wofuna klinka wochepa ndi malasha ochepa ndi phindu ngakhale nkhani ya nyengo itaikidwa pambali.

Lamulo limene lakhudza kale mawodi mwachindunji ndi la m'chaka cha 2018, pamene boma, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, lidaletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Zotsatira zake n'zakuti ntchito za khonsolo tsopano zimadalira kwambiri mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zosakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa pa makina. Motero bajeti ya wodi yamangirizika kwambiri pa mtengo wa thumba.

Zoyenera kuzisamala m'mawodi

Makomiti oyang'anira ntchito alibe mphamvu pa mtengo wa chilolezo ku Ulaya, koma ali ndi mphamvu pa thumba lililonse limene lafika pamalo omangira. Mwachitsanzo, ntchito yofuna matumba 400 imakhala yatenga matani 20 a simenti, amene adatulutsa mpweya wokwana pafupifupi matani 12. Nyumbayo ikang'ambika patangopita zaka zochepa, ndalamazo ndi mpweyawo zimalipiridwa kawiri.

Nambala za 32.5 ndi 42.5 zolembedwa pa thumba zimasonyeza mphamvu imene simenti amafika pakatha masiku 28. Wa 32.5, amene kawirikawiri amakhala ndi zosakaniza zambiri ndi klinka wochepa, ndi wokwanira pomangira njerwa ndi kupaka pulasitala. Wa 42.5 amafunika pamene injiniya walamula, monga pa mizati, pa milatho ndi pa mabuloko ofunika kulimba msanga. Simenti wosakaniza si wachinyengo ngati ali ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, koma amalimba pang'onopang'ono, choncho konkire ndi mabuloko ziyenera kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri. Matumba asungidwe pamatabwa, m'chipinda chosadontha, atatalikirana ndi khoma, ndipo asagulidwe miyezi yambiri ntchito isanayambe. Kuchulukitsa mchenga pofuna kupulumutsa matumba ndi kuba kumene kumaonekera mvula yoyamba yamphamvu ikagwa.

Pali chinthu chinanso chofunika kuchisiyanitsa. Zilolezo za msika wa ku Ulaya n'zosiyana ndi ziphaso za kaboni zimene mabungwe ena amapeza podzala mitengo kapena pogawa mbaula zosadya nkhuni zambiri m'midzi. Kuyambira m'chaka cha 2021 msika wa European Union sulandira ziphaso zochokera kunja, kotero fakitale ya simenti ya ku Ulaya singalipire mangawa ake a zilolezo ndi mitengo ya m'mudzi wa kuno. Ziphasozo zimagulitsidwa pa misika ina, ndipo mtengo wake umasinthasintha. Ziphaso za pansi pa pangano la ku Kyoto zidagwapo mpaka pansi pa yuro imodzi m'chaka cha 2013, ntchito zambiri zimene zinkadalira ndalamazo n'kuima. Mudzi umene wafikiridwa ndi ntchito yotere uyenera kufunsa kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, malo adzakhala m'manja mwa yani, gawo la anthu pa ndalamazo ndi lotani, ndiponso ngati khonsolo ndi mafumu akuudziwa. Zonse zikhale zolembedwa m'chinenero chimene eni malo amamva.

Anthu okhala pafupi ndi migodi ya miyala ya laimu ndi mafakitale adziwenso kuti malamulo a mpweya wotenthetsa dziko sakhudza fumbi, phokoso la kuphulitsa miyala kapena kuwonongeka kwa madzi. Zimenezo zili pansi pa lamulo la zachilengedwe la m'chaka cha 2017 ndi bungwe la MEPA, limene limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kauniuni wa mmene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Madandaulo otere angaperekedwe kudzera kwa khansala wa wodi kapena ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo.

Malawi adzafunabe simenti wochuluka m'zaka zikubwerazi, pakuti masukulu, zipatala ndi milatho yolimba ndi zina mwa zimene zimateteza anthu ku mvula yosadziwika bwino ya masiku ano. Chimene chasintha ndi chakuti mpweya umene kale unkatayidwa kwaulere tsopano ukuikidwa mtengo m'maiko ochulukirachulukira, ndipo mtengowo udzalowa m'kapangidwe ka thumba lililonse. Gawo la wodi ndi kuonetsetsa kuti simenti amene wagulidwa ndi ndalama za anthu wasankhidwa moyenera, wasungidwa bwino, wasakanizidwa mwachilungamo, ndipo wamanga chinthu chimene ana a m'deralo adzachipeza chili chiimire.